Omron M3 Comfort: kodi makina oyezera BP awa akuyenera munthu wa shuga ndi mtima?

Munthu amene ali ndi matenda a shuga komanso a mtima sangadalire BP yoyezedwa tsiku la kiliniki lokha. Tsikulo amakhala atalawirira, wakwera minibasi, wadikira pamzere, mwinanso sanadye kanthu chifukwa akukayezetsa shuga wa m'mawa. Nambala imene anamwino alemba m'buku lake la kuchipatala ikunena za ola limenelo basi. Mmene magazi amathamangira masiku ena onse, madzulo, kapena akangodzuka pabedi, palibe akudziwa. Koma mankhwala amasinthidwa potengera nambala imodzi ija.

N'chifukwa chake makina oyezera BP kunyumba ali ofunika kwa odwala amenewa kuposa ena onse. Pano tikuunika Omron M3 Comfort, makina a pamkono opangidwa ndi kampani ya Omron ya ku Japan. Amapezeka m'mafamase ena akuluakulu, ndipo ena amafika ndi achibale ochokera ku Johannesburg kapena ku UK. Tinene kumayambiriro komwe kuno: ndi makina abwino, oyenera ndalama zake kwa anthu ambiri a shuga ndi mtima, makamaka chifukwa cha lamba wake. Koma pali zinthu zingapo zimene sangachite, ndipo zinthuzo n'zimene zimavuta kwambiri odwala a mtundu umenewu.

M'bokosi mumapezeka makinawo, lamba wa pamkono wokhala ndi kapaipi ka mpweya, mabatire anayi a AA, kathumba kosungira ndi buku la malangizo. Chingwe cholumikizira kumagetsi nthawi zambiri amagulitsa padera. Kunena zoona chingwecho si chofunika kwenikweni, chifukwa mabatire abwino a alkaline amatha miyezi yambiri ngakhale mukuyeza tsiku lililonse, ndipo magetsi akazima inu mumayezabe. Mabatire otsika mtengo a pamsika ndi amene amavuta: amafooka msanga, pampu imayamba kukoka movutikira, kenako makina amazima lamba asanakhute mpweya. Sinthani onse anayi nthawi imodzi, osasakaniza akale ndi atsopano, ndipo mukasintha onaninso tsiku ndi nthawi pasikirini, chifukwa zikasokonekera manambala osungidwa sadziwikanso kuti ndi a m'mawa kapena a madzulo.

Nkhani yagona pa lamba

Anthu ambiri akamagula makina a BP amayang'ana kukula kwa sikirini ndi mtengo. Chofunika kuyang'ana poyamba ndi lamba. Lamba wocheperapo kuposa mkono amanama: amafuna mpweya wambiri kuti atseke mtsempha, ndiye makina amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili. Lamba wokulirapo amanama mbali inayo, amaonetsa yotsika. Kwa munthu wa shuga wa mtundu wachiwiri, amene nthawi zambiri amakhala ndi thupi ndithu, vuto loyambalo ndi limene limachitika. Zotsatira zake dokotala amawonjezera mankhwala pa BP imene sinakwere, wodwalayo n'kuyamba kuchita chizungulire.

Lamba wa M3 Comfort, amene kampaniyo imamutcha Intelli Wrap, amakwana mkono wozungulira masentimita 22 mpaka 42. Makina otsikirapo mtengo a kampani yomweyo, monga M2 Basic, amabwera ndi lamba wa 22 mpaka 32. Masentimita 10 amenewo ndiye chifukwa chachikulu chowonjezerera ndalama. Musanagule, tengani tepi ya telala, lendewetsani mkono, yezani pakatikati pa phewa ndi chigongono, tepi itagwira khungu koma osafinya. Mukapeza 33 kapena kupitirira, lamba wa M2 Basic sakukwanani.

Ubwino wina wa lamba ameneyu ndi wakuti ndi wolimba, wopindika kale ngati chitoliro. Mumangolowetsa mkono ndi kumata, dzanja limodzi likukwanira. Agogo amene zala zawo zinachita dzanzi chifukwa cha shuga, kapena munthu amene dzanja lina linafooka ndi sitiroko, amatha kuvala yekha. Komanso thumba la mpweya limazungulira mkono wonse, choncho lamba akapotoka pang'ono nambala sisokonekera ngati mmene zimakhalira ndi malamba ofewa, amene kapaipi kayenera kulunjika bwinobwino pamtsempha wa mkati mwa mkono. Pasikirini pamabweranso chizindikiro chosonyeza ngati mwamanga bwino kapena mwalekerera.

Kuipa kwake kulipo. Lambayu sapindika n'kukhala waphwatalala, ndiye kathumba kake ndi kakakulu, kovuta kuponya m'chikwama cha m'manja popita kumudzi. Chachikulu n'chakuti anthu ena a mtima, makamaka okalamba amene mtima wawo unafooka kwa zaka zambiri, amawonda mpaka mkono kutsika pansi pa masentimita 22. Kwa iwo lambayu ndi wamkulu ndipo adzaonetsa BP yotsika monama. Afunefune makina amene amalola lamba waung'ono wa 17 mpaka 22. Amene mkono wawo wapitirira 42 nawonso makinawa si awo. Afunse makina a lamba wamkulu kwambiri, osati kuthawira ku makina a padzanja ovala ngati wotchi. Makina a padzanjawo amasintha nambala dzanja likangokwera kapena kutsika pang'ono kusiyana ndi pamene pali mtima, ndipo sitingawalimbikitse kwa munthu amene mankhwala ake akudalira manambalawo.

Makinawa samvetsera kugunda kwa magazi ngati mmene amachitira namwino ndi chomvetsera cha m'makutu. Amamva kanjenjemera ka mpweya mu lamba nthawi iliyonse mtima ukagunda, kenako amawerengera nambala ya pamwamba (mphamvu ya magazi mtima ukafinya) ndi ya pansi (mtima ukamapuma) kuchokera pamenepo. Mukamvetsa zimenezi, mwamvetsa mavuto ake onse. Kulankhula, kuseka, kugwedeza phazi, kapena mwana kugunda tebulo, zonse zimalowa ngati kanjenjemera. Mtima wogunda modumphadumpha umasokoneza masamuwo. Mitsempha imene inauma chifukwa cha shuga wa zaka zambiri kapena matenda a impso nayonso ingachititse kuti nambala isiyane pang'ono ndi yeniyeni.

Ndiye mukangogula, pitani nawo ku kiliniki. Pemphani anamwino akuyezeni ndi makina awo, papite mphindi imodzi, muyeze ndi anu pamkono womwewo, mubwereze kangapo mosinthana. Kusiyana kwa 5 si nkhani. Ngati nthawi zonse nambala ya pamwamba ikusiyana ndi zoposa 10, makinawo kapena lambayo sakukuyenerani. Chitani zimenezi chaka ndi chaka, chifukwa lamba amatha, kapaipi kamachita ming'alu, mpweya n'kumatuluka osaoneka.

Tsiku lomwelo yezani mikono yonse iwiri. Umene waonetsa nambala yokwera ndi umene muziyeza nthawi zonse. Ngati mikono iwiriyo ikusiyana ndi zoposa 15 mobwerezabwereza, auzeni adokotala, chifukwa kwa munthu wa shuga zingatanthauze kuti mtsempha wa mbali imodzi wayamba kutsekeka. Amene amasefedwa magazi chifukwa cha impso asamange lamba pamkono umene anawakonzera mtsempha wolumikizira makina osefera. Mayi amene anachotsedwa bere limodzi chifukwa cha khansa ayambe wafunsa kuchipatala mkono woyenera.

Mmene mungapezere nambala yodalirika

Kuyeza kamodzi sikunena zambiri. Chimene dokotala angagwiritse ntchito ndi manambala a mlungu wathunthu, oyezedwa mofanana. Kachitidwe kake ndi aka. M'mawa mukadzuka, kakodzeni kaye, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza BP. Musamwe tiyi kapena khofi, musasute, musagwire ntchito yolemetsa kwa mphindi 30 musanayeze, ndipo yezani musanamwe mankhwala a m'mawa komanso musanadye. Khalani pampando wokhala ndi choyedzamira, mapazi onse ali pansi, miyendo osapingasa. Mkono ugone patebulo, lamba ali pamlingo umodzi ndi mtima, m'mphepete mwake muli sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa chigongono. Lamba agwire khungu. Kupinda malaya mpaka kufinya phewa n'kulakwitsa. Kuli bwino kutulutsa mkono wonse. Khalani chete mphindi 5, foni ili patali, kenako dinani batani. Yezani kawiri, pakati pakhale mphindi imodzi. Madzulo chitaninso chimodzimodzi musanadye kapena musanagone.

Masiku 7 akupatsani manambala 28. Anayi a tsiku loyamba atayeni, chifukwa munthu amakhala asanazolowere ndipo amakhala okwera. Otsala 24 aja, phatikizani a pamwamba okhaokha n'kugawa ndi 24, kenako a pansi chimodzimodzi. Imeneyo ndiye BP yanu ya kunyumba. Chitani zimenezi mlungu womaliza musanapite ku kiliniki, komanso pakapita milungu iwiri kapena inayi mankhwala akasinthidwa. BP ikakhazikika, kuyeza kamodzi kapena kawiri pa mlungu n'kokwanira. Kuyeza kakhumi pa tsiku kumangobweretsa nkhawa, ndipo nkhawayo imakweza nambala yotsatira.

Apa M3 Comfort imathandiza ndithu. Imasunga manambala 60 a munthu mmodzi ndi 60 a munthu wina, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi, ndiye mlungu wonse umakwanamo kawiri. Bambo ndi mayi a m'nyumba akhoza kugwiritsa ntchito makina amodzi, aliyense nambala yake, 1 kapena 2. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mlendo kapena mnansi akapempha kuyezedwa, nambala yake imalowa m'malo a mwini makina. Pali njira yoyezera mlendo popanda kusunga, yalembedwa m'buku la malangizo, ndipo ndi bwino kuiphunzira tsiku loyamba. Makinawa amawerengeranso pakatikati pa manambala atatu omaliza oyezedwa m'mphindi 10, koma sawerengera a mlungu wonse, komanso salumikizana ndi foni. Kope ndi cholembera zikufunikabe. Ife tikuona kuti zimenezi si vuto lalikulu: ku kiliniki yodzaza, tsamba limodzi lolembedwa bwino limawerengedwa msanga kuposa kudinadina mabatani.

Pali chinthu chimodzi pasikirini chimene chingapusitse munthu wa shuga ndi mtima. Makinawa amaonetsa chizindikiro cha BP yokwera nambala ikafika 135 pamwamba kapena 85 pansi, womwe ndi mlingo wa kunyumba wofanana ndi 140/90 ya kuchipatala. Mlingo umenewo ndi wa anthu wamba. Malangizo a 2021 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu amene ali kale ndi matenda a mtima ndi mitsempha, nambala ya pamwamba itsike pansi pa 130, ndipo amalangiza chimodzimodzi kwa odwala shuga kapena impso. Bungwe la American Diabetes Association nalo limati pansi pa 130/80. Choncho 133/83 siyatsa chizindikiro chilichonse, koma kwa inu sinafike pofunika. Funsani adokotala mlingo wanu, ulembeni pachikuto cha kope, muziyang'ana manambala enieniwo. Kwa okalamba ofooka, amene amagwa kapena kuchita chizungulire, dokotala akhoza kuika mlingo wokwererapo mwadala, ndipo zimenezo n'zoyenera.

Zimene makinawa sanena

Shuga wa zaka zambiri amawononga minyewa imene imauza mitsempha kuti ifinyike munthu akaimirira. Zikatero BP imakhala bwinobwino kapena yokwera munthu ali pampando, koma akangoimirira imagwa, maso amachita mdima, ena amakomoka. Mankhwala okodzetsa ndi ena a BP amawonjezera vutoli. Makina alionse oyezera munthu atakhala pansi saona zimenezi pokhapokha inu mutazifufuza. Gonani chagada mphindi 5, yezani. Imirirani, pali munthu pambali panu, mkono wa lamba wagwiriziridwa pamlingo wa mtima, yezani ikatha mphindi imodzi, yezaninso zikatha mphindi 3. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena ya pansi ndi 10, lembani ndipo kanenereni ku kiliniki. M3 Comfort imatha kuchita ntchitoyi, koma poimirira imadandaula kawirikawiri kuti mwagwedezeka, ndiye mkono uyedzamire pa chinthu chokhazikika monga pamwamba pa kabati.

Chizungulire kwa munthu wa shuga chili ndi mayankho awiri, ndipo makinawa amayankha limodzi lokha. Mwina BP yatsika, mwina shuga watsika. Amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin ayeze zonse ziwiri, ayambe ndi shuga chifukwa ndi amene amapha msanga. Akakhala pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina owerengera mwa njira inayo, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, imwani, yezaninso pakapita mphindi 15. Tikutsindika zimenezi chifukwa anthu ambiri a mtima amamwa atenolol, bisoprolol kapena carvedilol. Mankhwala a gulu limeneli amachedwetsa mtima, ndipo amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumene kumachenjeza munthu kuti shuga watsika. Chimene chimatsala nthawi zambiri ndi thukuta. Thukuta lobwera popanda chifukwa, yezani shuga.

Nambala yachitatu pasikirini, ya kugunda kwa mtima pa mphindi, anthu ambiri sailemba. Ilembeni. Kwa amene akumwa mankhwala ochedwetsa mtima aja, kugunda kukamatsika pansi pa 50 komanso pali kufooka kapena chizungulire, dokotala ayenera kudziwa msanga. Koma musasiye mankhwalawo mwadzidzidzi: kwa munthu wa mitsempha ya mtima yotsekeka, kusiya kamodzin'kamodzi kungayambitse ululu wa pachifuwa kapenanso mtima kutsekeka. Kugunda kukamakhala pamwamba pa 100 munthu atapuma, masiku angapo otsatizana, nakonso n'kofunika kufufuza.

Makinawa amaonetsa kachizindikiro akamva kuti mtima sukugunda mwadongosolo. N'kothandiza, koma sikanena matenda. Kamayaka munthu akagwedezeka, kapena mtima ukadumpha kamodzi, zimene zimachitika ngakhale kwa anthu abwinobwino. Kakamabwera kawirikawiri inu mutakhala phee, pemphani kujambulidwa ECG, kuyeza kwa kuchipatala kojambula kagundidwe ka mtima. Pali vuto la mtima lotchedwa atrial fibrillation, pamene mtima umagunda mosokonekera, magazi n'kumaundana mkati mwake, ndipo limabweretsa sitiroko. Limakonda anthu a BP, shuga ndi mtima wofooka. ECG yokha ndi imene ingatsimikize. Amene anauzidwa kale kuti ali ndi vutoli adziwe kuti manambala a makina amtundu uwu amadumphadumpha. Aziyeza katatu nthawi iliyonse n'kutenga pakatikati pake.

Kwa amene mtima wawo ndi wofooka, aja otupa miyendo ndi kubanika akagona, amene amamwa furosemide, makina a BP paokha sakwanira. Madzi amatha kudzaza m'thupi BP ikuoneka bwino. Pafunika sikelo pambali: dziyezeni m'mawa uliwonse mutakodza, musanadye. Kukwera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu ndi madzi, si mafuta, ndipo ndi nthawi yopita kuchipatala osadikira tsiku la kiliniki.

Kuwerenga manambala pamodzi ndi mankhwala

Phindu lenileni la makinawa limaoneka kope likafika m'manja mwa dokotala. Tiyerekeze kuti m'mawa manambala ali cha m'ma 150 koma madzulo cha m'ma 125. Zimenezo zikusonyeza kuti mankhwala akutha mphamvu usiku usanathe, ndipo dokotala angasinthe nthawi yomwera kapena mtundu wa mankhwala m'malo mowonjezera mlingo. Ngati kunyumba muli pa 124/76 koma ku kiliniki 155/92, ndiye BP imangokwera mukaona chipatala, ndipo kuwonjezera mankhwala kungakugwetseni. Zosiyana ndi zimenezi, yabwino ku kiliniki koma yokwera kunyumba, zimapezeka kawirikawiri mwa anthu a shuga ndipo n'zoopsa chifukwa palibe amazigwira popanda makina a kunyumba.

Anthu ambiri a shuga ndi mtima amapatsidwa enalapril kapena lisinopril, chifukwa mankhwala amenewa amatetezanso impso ndi mtima, makamaka mkodzo ukayamba kutulutsa puloteni. Vuto lake lodziwika ndi chifuwa chouma chosatha. Ambiri amangosiya mwakachetechete, BP n'kukwera, m'malo monena kuti awasinthire ku losartan amene sakhosomoletsa kawirikawiri. Losartan samwedwa pamodzi ndi enalapril kapena lisinopril, ndipo onsewa saloledwa kwa mayi woyembekezera. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Mukayamba kapena mlingo ukakwezedwa, magazi ayezedwe pakapita mlungu umodzi kapena iwiri kuti aone impso ndi potaziyamu, mtundu wa mchere wa m'magazi. Makina a BP sangakuuzeni za zimenezo. Amlodipine, wa 5 kapena 10 mg, amatsitsa BP bwino mwa anthu akuda. Kafukufuku wa CREOLE, wofalitsidwa mu 2019 atachitika m'mayiko asanu ndi limodzi a kuno ku Africa kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa, anapeza kuti kuphatikiza amlodipine ndi hydrochlorothiazide (wokodzetsa) kapena ndi perindopril (wa gulu la enalapril) kunatsitsa BP kuposa kuphatikiza perindopril ndi hydrochlorothiazide. Amlodipine amatupitsa akakolo mwa ena, ndipo kwa munthu wa mtima kutupako n'kosavuta kusokoneza ndi madzi a mtima wofooka. Sikelo ija ndi imene imathandiza kusiyanitsa. Hydrochlorothiazide amakweza shuga pang'ono, makamaka pa mlingo waukulu, n'chifukwa chake amapatsidwa 12.5 kapena 25 mg basi.

Manambala akakwera mwadzidzidzi mlungu wina, musathamangire kuimba mlandu makina. Fufuzani kaye m'nyumba. Mapiritsi opha ululu monga brufen, diclofenac ndi indocid, amene anthu amagula pagolosale msana kapena mawondo akamawawa, amakweza BP, amasunga madzi m'thupi ndipo amapweteka impso, makamaka akakumana ndi enalapril ndi mankhwala okodzetsa. Panado ndiye wotetezeka kwa ambiri. Mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno nawonso amakweza BP. Kenako mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera zonse: wothira mumphika, wa patebulo, wa mu usipa kapena nsomba zouma zamchere, tizidutswa tokometsera ndiwo, soseji, poloni, buledi, ngakhalenso soda wophikira therere. Mchere wa m'malo umene amagulitsa kuti ndi wa anthu a BP uli ndi potaziyamu, ndipo kwa munthu wa enalapril, losartan, spironolactone kapena impso zofooka ungakweze potaziyamu kufika poimitsa mtima. Musaugule musanafunse.

Manambala akatsika kwambiri, chifukwa chake nthawi zambiri ndi kuchepa kwa madzi m'thupi: kutsegula m'mimba, kusanza, malungo, kapena kutentha kwa mu Okutobala. Pa nthawi ngati imeneyi enalapril, losartan, mankhwala okodzetsa ndi metformin zingavulaze impso. Funsiranitu adokotala lero, mudakali bwino, kuti tsiku lotere muimitse ati ndipo kwa masiku angati, mulembe m'kope lomwelo. Nambala ya pamwamba ikakhala pansi pa 100 ndipo mukumva chizungulire, kapena ya pansi ikamakhala pansi pa 60 kwa munthu wa mitsempha ya mtima yotsekeka, kanenereni, chifukwa mtima umalandira magazi ake pa nthawi imene ukupuma, yomwe ndi nambala ya pansiyo.

Sikirini ikaonetsa 180/120 kapena kuposa, khalani chete mphindi 5, onani lamba, yezaninso. Ikakhalabe pomwepo koma simukumva kanthu, onanani ndi achipatala tsiku lomwelo, osamwa mapiritsi owonjezera mwa inu nokha, chifukwa kugwetsa BP mothamanga kungachititse sitiroko. Koma ngati pali ululu kapena kulemera pachifuwa, kubanika, mkono kapena mwendo kufooka, kamwa kupotoka, mawu kusamveka, maso kuchita mdima kapena mutu waukulu wachilendo, musayezenso, pezani galimoto. Ndipo zizindikiro zimenezi zikabwera, nambala yabwino pasikirini isakutonthozeni. Anthu a shuga mtima umatha kutsekeka popanda ululu wa pachifuwa, kumangokhala thukuta, mseru, kubanika kapena kutopa kosadziwika, BP ili 125/80.

Za zovuta zing'onozing'ono za makinawo, zambiri zimatha popanda katswiri. Makina akalephera kuyeza, pasikirini pamabwera E ndi nambala. E1 nthawi zambiri ndi kapaipi kosalowa bwino kapena mpweya wotuluka. E2 ndi E4 zimabwera mukagwedezeka kapena kulankhula, ndipo E2 imabweranso BP ikakhala yokwera kwambiri moti lamba sanafufume mokwanira. Buku la malangizo likufotokoza mmene mungagwirire batani kuti mpweya uwonjezereke. E5 ndi pamene makina sanamve kugunda bwino, kawirikawiri chifukwa cha malaya pansi pa lamba. Lamba sachapidwa m'madzi, amangopukutidwa ndi kansalu konyowa pang'ono. Musakulunge kapaipi mothina, musasiye makina padzuwa kapena m'galimoto yotentha, ndipo mukawasunga miyezi ingapo chotsani mabatire asadontheremo.

Ndani agule? Munthu wa shuga ndi mtima amene mkono wake uli pakati pa masentimita 22 ndi 42, makamaka wopitirira 32, kapena amene amadziyeza yekha ndi dzanja limodzi, kapena banja la odwala awiri: M3 Comfort ndi chisankho chabwino. Amene mkono wake uli pakati pa 22 ndi 32, ali yekha, ndipo salephera kulemba m'kope, M2 Basic imukwanira ndipo ndalama zotsalazo agulire timapepala toyezera shuga kapena sikelo. Pogula, onani kuti bokosi ndi lomata, nambala ya mtundu wa makina imene ili pabokosi ikufanana ndi ya kunsi kwa makinawo, buku la malangizo lilimo, ndipo akupatsani lisiti. Nambala imeneyo mukhoza kuifufuza pa intaneti pamndandanda wa STRIDE BP, pamene pamalembedwa makina amene anayesedwa pa anthu n'kupezeka olondola. Funsaninso ngati sitoloyo imagulitsa lamba payekha, chifukwa lamba ndi amene amayamba kutha makina adakali amoyo.